Kuonda kwa David

"Ine ndamugwira dzanja ndekha. Mafupa okhaokha."

"Mwina ndi suti, amake Junior. Masuti a masiku ano amasokedwa mothina."

"Suti imaondetsa khosi?"

Edwina anamva zonsezi ali m'khitchini ya holo ya tchalitchi, akutsuka makapu a tiyi mapemphero atatha. Kawindo koperekera chakudya kanali kotseka theka lokha, ndipo olankhulawo anaima pafupi nako penipeni. Mawuwo anawadziwa. Anali a Lizzie ndi amuna awo a Lyton, ankhoswe a banja lake kuno ku England, amene anaimira makolo pa ukwati wake poti makolo enieniwo anali ku Zomba ndi ku Dedza. Khosi limene ankakambalo linali la David, mwamuna wake, amene pa nthawiyo ankapinda mipando kumapeto kwa holo uku akuimba mluzu.

A Lizzie anapitiriza. Anati mwamuna sachoka pakhomo mwezi wathunthu ndi masabata pamwamba, osatsanzika ankhoswe, n'kubwerako atatha chonchi, ngati m'nyumba muli mtendere. Kaya anathawa njala, kaya anachita kuthamangitsidwa. Ndipo Loweruka likubwerali kuli bridal shower, mwambo wolangiza mkwatibwi, ya Laura ku Wakefield, kumene Edwina anapatsidwa mutu wa kusamala mwamuna ndi khitchini.

"Akamulangiza chiyani mwana wa eni? Kaumitsidwe ka munthu? Ine monga wapampando dzinalo ndilichotsa, pokhapokha ndikaone ndekha zimene zikuchitika m'nyumba imeneyo."

Edwina anatsuka kapu imodzi kawiri. Kwa zaka zambiri, pa zochitika za amayi ankapatsidwa ntchito yofufumitsa mabaluni ndi kulumikiza mawaya a zokuzira mawu, poti ankati wa ku yunivesite ndiye amadziwa zamagetsi. Maikolofoni inali ya amayi enieni. Chaka chino Laura, msuweni wake, anachita kuumirira kuti iye alankhule. Chitenje cha mwambowo anali atasoketsa kale, ndipo zoti akanene ankaziyeserera m'bafa.

Edwina anamuuza David ali mu tiramu, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni, pobwerera kunyumba. David anaseka mpaka mayi wina wachizungu anacheuka. Kenako anaona nkhope ya mkazi wake n'kusiya.

Nkhani yeniyeni inalibe chodabwitsa. Chakumapeto kwa chaka chatha dokotala anamuuza David kuti shuga sanalowe m'thupi mwake koma wayamba kugogoda. David ankagwira ntchito yofufuza zolakwika m'mapulogalamu a kompyuta ku kampani ina ya mu Sheffield momwemo, ndipo ankaigwirira kunyumba. Ulendo wake wa tsiku ndi tsiku unali wochoka pabedi kupita patebulo, patebulo kupita pafiriji. Kampaniyo inkalola antchito ake kukagwirira ntchito kudziko lina masabata angapo pachaka, ndipo Sean wa ku ofesi kwawo anali ndi kanyumba ku Valencia, ku Spain, kamene mu Januwale kankangokhala kopanda munthu. Pasipoti yatsopano ya ku Britain inali m'dirowa, isanakwerepo ndege. Edwina ankagwira ntchito yopereka mankhwala kuchipatala, ntchito yosanyamulika m'chikwama, koma ndi iye amene anamukankha. Anamuuza kuti apite kumene kuli dzuwa akaphunzirenso kuyenda.

David anapempha chinthu chimodzi: za shuga asadziwe munthu. Anati zikangomveka kutchalitchi asanduka mutu wa mapemphero, ndipo dzuwa lisanalowe nkhaniyo ikhala itafika kwa mayi ake ku Dedza, amene akamva kuti mwana wawo watsokomola amayamba kusala kudya. Edwina analonjeza.

Za kutsanzika ankhoswe anaziganizira ndithu, koma David anazithetsa ndi nzeru. Munthu amatsanzika akamapita paulendo. Iye sankapita paulendo. Ntchito yomweyo, maola omwewo, abwana omwewo. Chosuntha ndi tebulo lokha, ndipo palibe amene amaimbira ankhoswe foni akamasuntha tebulo kuchoka kuchipinda kupita pabalaza. Edwina anaona kuti mfundoyo ndi yomveka. Apa ndi pamene onse awiri, ndi madigiri awo, analakwitsa.

Ku Valencia intaneti ya m'nyumba ya Sean inali yaulesi. Inkaduka pakati pa msonkhano, n'kumusiya David atayasama pa kompyuta za anzake. Choncho anayamba kunyamula laputopu kupita nayo kumalo omwera khofi, ndipo kusankha malowo anakutenga ngati masamu. Ankafuna zinthu zitatu: intaneti yothamanga, soketi pafupi ndi mpando, ndi bata. Malo akale a m'makona anali ndi khofi wabwino, koma munali mpira pa TV ndi madoda okangana kuyambira m'mawa, soketi n'kukhala imodzi, kuseri kwa firiji. Malo amene anali ndi zitatu zonsezo anali a mtundu umodzi: maluwa olendewera kudenga, matebulo a thabwa losapenta, anthu ovala nsapato zothamangira koma atakhala pansi, ndipo patebulo popanda mbale ya shuga.

Malowo anali ndi malamulo ake. A malaputopu ankakhala patebulo lalitali lokha. Munthu sankatha tsiku ndi kapu imodzi. Pakapita kanthawi mtsikana woperekera ankabwera akumwetulira n'kufunsa m'Chingerezi ngati pali china chimene akufuna, ndipo David anazindikira msanga kuti limenelo silinali funso. Lendi ya mpando inkalipiridwa mwa kudya. Koma chilichonse chimene akanaitanitsa chinali masamba, njere kapena zipatso.

Madzulo aliwonse ankamuimbira Edwina kumufotokozera zimene wapeza. Tsiku lina anamupatsa chakumwa choyera chowawasa, chokhala ndi dzina lalitali, atalawa n'kupeza kuti ndi malambe. Tsiku lina linali phala la mawere, lothira nthochi pamwamba. Kenako mapeyala opaka pa buledi, omwe aja ankawolera pansi pa mtengo kwa agogo ake. Anafika mpaka popeza njere za bonongwe zikugulitsidwa m'kabotolo ngati mankhwala.

"Edi, zonse zimene tinkazithawa kumudzi zandipeza kuno," anatero. "Kungoti zavala tayi."

Nthawi ya ku Spain ili patsogolo ndi ola, ndiye m'mawa ankakhala ndi mpata msonkhano wa ku Sheffield usanayambe. Ankayenda wapansi m'khwawa la mtsinje umene anaupatutsa kalekale n'kusandutsa paki, pansi pa mitengo ya malalanje. Masana ankasamukira malo ena, wapansinso, poti anaona kuti mtsikana wa malo oyamba akafunsa kachitatu kumwetulira kumachepa. Anzake a ku ofesi, mvula ikumenya mawindo awo, ankamupempha kuti azimitse kamera chifukwa dzuwa la kumbuyo kwake linkawapweteka mtima. Ntchito inayenda bwino kuposa kale. Edwina naye, kuno ku Sheffield, ankagona pakati pa bedi, ndipo sanabise kuti zinkamukomera.

David anabwerako lamba akufunika bowo latsopano. Dokotala anati shuga uja wabwerera kumsewu. Mkonono unatha. M'nyumba mwawo munali mtendere wochuluka kuposa chaka china chilichonse, ndipo ndi mtendere umenewu umene a Lizzie anaugwira dzanja n'kupeza mafupa.

Mu tiramu muja David anayamba kufunafuna njira. Anati Lamlungu likubwerali avala majuzi awiri. Edwina anamukumbutsa kuti mwambo uli Loweruka, komanso kuti juzi silifika kukhosi. Anati adya mandasi sabata yonse. Edwina anangomuyang'ana. Anati awaonetsa zithunzi za ku Valencia kuti aone kuti kunalibe choipa. Edwina anati zithunzi za mwamuna ali yekhayekha kudziko la eni, akumwetulira kutsogolo kwa mbale ya masamba osaphika, ndiye umboni umene a Lizzie akuufuna.

"Yankho ndi limodzi ndipo ukulidziwa," anatero. "Ine sindinena, ndinalonjeza. Chinsinsicho ndi chako. Dzina likuchotsedwalo ndi langa."

David anayang'ana panja, tiramu ikukwera chitunda.

Ankhoswe anafika Lachitatu masana osaimba foni. A Lizzie anali pa ofu kunyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito, ndipo anali atafufuza kale kuti Edwina nayenso ali pakhomo tsikulo. A Lyton analowa atanyamula chikwama chachikulu chosungira chakudya. Munali mpunga, nkhuku yokazinga, nyemba ndi mandasi odzaza chidebe. A Lizzie anati angodutsa, koma poti chakudya chingawonongeke, achiika okha m'firiji. Anaima pafirijipo nthawi yaitali kuposa imene munthu amafunika kuti aike nyemba. Anatulutsamo botolo la njere zakuda zonyikidwa mumkaka, zimene David anaphunzira kudya m'mawa, n'kuliyang'anitsitsa pawindo.

"Awa ndi mazira a chule?"

Edwina anati ayi anti, ndi kadzutsa wa a David. A Lizzie analibwezera botololo pang'onopang'ono.

David atamaliza msonkhano wake anavula zomvera m'makutu n'kutuluka, ndipo onse anakhala pabalaza. A Lyton anatsegula ndi pemphero. Kenako analankhula za mvula, za magalimoto pamsewu wochokera ku Wakefield, za mwana wawo Junior amene masiku ano ukamulankhula Chichewa amayankha Chingerezi. Atazungulira mokwanira anati iwo monga ankhoswe sabwera kudzaweruza, koma ngati pali kanthu kakang'ono kamene kakumuvuta wina m'nyumba muno, ndi bwino kukanena kakadali kakang'ono.

David anati palibe, ndipo anayamba kufotokoza za Valencia. Anafotokoza bwino, mwadongosolo, ngati mmene amafotokozera kuntchito. Ananena za intaneti ya Sean, za zinthu zitatu zija, za tebulo lalitali. A Lyton ankagwedeza mutu mwaulemu. A Lizzie anadikira mpaka amalize.

"Ndiye kuno ku Sheffield kulibe soketi?"

David anati ziliko, koma nkhani inali ya dzuwa. A Lizzie anafunsa ngati dzuwa limaphika. Anafunsa amene ankamuphikira kumeneko. David anati atsikana a pamalo omwera khofi aja, ndipo atangomaliza kunena anamva yekha mmene zamvekera. A Lyton anatsokomola. Pofuna kukonza, David anafotokoza za malambe ndi phala la mawere, kuti aone kuti ankadya zakwathu.

"Munakwera ndege kukadya malambe," anatero a Lizzie, osati mofunsa. Kenako anatembenukira kwa Edwina, ndipo mawu awo anafewa, zimene zinali zopweteka kuposa kukalipa. Anati sakumuimba mlandu. Atsikana ophunzira amakhala ndi zambiri m'mutu, ntchito ya kuchipatala ndi yolemetsa, ndipo kuphika kumaphunziridwa, iwo amuthandiza. Koma chaka chino apumule kaye pa maikolofoni. Mabaluni akufunikabe munthu wodalirika.

Edwina anayang'ana manja ake. "Chabwino, anti."

Sanamuyang'ane David ngakhale pang'ono, ndipo mwina n'chifukwa chake David analankhula.

"Ankolo, anti, Edwina alibe mlandu. Dokotala anandipeza ndi chiyambi cha shuga. Edwina ndi amene ananditumiza kuti ndikayende ndi kusintha kadyedwe. Ine ndinamuletsa kuuza anthu."

A Lizzie anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akumuyeza kachiwiri.

"Shuga basi?"

"Basi, anti."

"Ambuye alemekezeke," anatero, n'kutsamira mpando. "Ine ndimayesa ndi banja."

Nkhope yawo inawala ngati alandira uthenga wa mwana wobadwa. Shuga ankamudziwa. Tsiku lililonse kuntchito ankabaya zala za nkhalamba kuyeza shuga, ndipo ena mwa iwo anali naye kuyambira a Lizziewo asanabadwe. Shuga ali ndi mankhwala. Chimene iwo sankagona nacho tulo chinali banja limene analiimira okha pamaso pa mpingo. Atatha kuthokoza anamukalipira David bwinobwino: mwamuna wamkulu kubisala kumbuyo kwa mkazi, mkazi n'kumanyozedwa m'makhitchini a tchalitchi. Sanatchule amene ankamunyozayo, ndipo Edwina sanawakumbutse.

A Lyton anati iwo akondwa, koma mlandu umodzi ukadalipo. Kaya ndi tebulo lasuntha kaya ndi mpando, munthu akawoloka nyanja amatsanzika. Ndege ikanagwa, makolo a ku Dedza akanafunsa iwo, ndipo iwo akanati mwana wanu tinamuona komaliza akupinda mipando. David anapepesa, ndipo ulendo uno sanayese kufotokoza.

A Lizzie ananyamuka kukatenga chidebe cha mandasi kuti abwerere nacho. Anapeza dzanja la a Lyton lili kale m'katimo. Anayang'ana dzanjalo, kenako mimba ya amuna awo, imene kwa zaka zambiri inali umboni wawo pamaso pa amayi a mpingo. Anangotseka chidebe. Pakhomo anamugwira Edwina phewa n'kumuuza kuti Loweruka asachedwe, ndipo asalankhule Chingerezi chambiri. A Lyton anatsalira m'mbuyo pang'ono, akuvala nsapato mochedwa dala, n'kumufunsa David chapansipansi ngati malo a ku Spain aja amalola munthu wopanda laputopu.

David anapempha kuti nkhaniyi isafike ku Dedza. A Lizzie anati iwo si munthu wolankhulalankhula. Mayi ake a David anaimba foni tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Sanalire. Anati bambo ake a David analinso naye shuga yemweyo, ndipo anafunsa ngati ku England kumapezeka bonongwe. David anati amapezeka ku Spain, m'kabotolo.

Loweruka holo ya ku Wakefield inadzaza amayi ovala chitenje chimodzi, Amalawi ndi a ku Zambia, ena atangoweruka kuntchito, nsapato za ntchito zili m'zikwama. Mabaluni anafufumitsa wina, ndipo anali opendekeka. Laura anakhala kutsogolo ataweramitsa mutu monga mkwatibwi amayenera kuchitira, manja pamiyendo.

A Lizzie ndi amene anayamba, pa mutu wa ulemu kwa apongozi. Analankhula bwino, koma maikolofoni itawakomera anapatuka n'kulowa m'munda umene anauzolowera. Anati mwamuna wosamalidwa amaonekera m'masaya. Abale a Alvin, mnyamata wokwatira Laurayo, ali ku Kasungu, ndipo sadzalowa m'khitchini mwake. Adzangoona zithunzi pa foni. Chaka chikatha kolala ya shati ikadali yokhwepa, sadzafunsa Alvin, adzafunsa kuti mkaziyo ndi mwana wa ndani. Amayi anawomba m'manja, ena akuvomereza mokweza kuti n'zoona.

Kenako anaitana Edwina. Edwina anaimirira n'kulandira maikolofoni. Analankhula za mchere ndi mafuta, za mankhwala amene amapereka tsiku ndi tsiku kwa amuna a zaka zosakwana makumi anayi, za ntchito za pa kompyuta zimene zimamukhazika munthu pansi mpaka thupi kuiwala ntchito yake. Ananena za mwamuna wake, poti tsopano chinsinsicho chinali chitafika kale ku Dedza: mmene anapitira ku Valencia kukasaka soketi n'kubwerako ndi moyo. Atafika pa malambe ovala tayi holo yonse inaseka. Anamaliza ndi kunena kuti mwamuna ndi bwino azikhala nawe zaka zambiri kusiyana ndi kuti adzaze shati. Amayi anawomba m'manja, omwe aja, mwamphamvu yomweyo, ndipo a Lizzie ndi amene anayambitsa nthungululu.

Edwina anakhala pansi mtima uli m'malo. Mayi wina amene kale ankangomutuma mawaya anamusunthira mpando n'kumutcha amayi.

Woyendetsa mwambo anafunsa, mongokwaniritsa dongosolo, ngati mkwatibwi ali ndi funso kwa alangizi ake. Mkwatibwi safunsa. Amapukusa mutu mwamanyazi, nyimbo n'kuyamba. Woimbitsa nyimbo anali atayika kale chala pa batani. Koma Laura anadzutsa mutu, natambasula dzanja kulandira maikolofoni. Anayang'ana a Lizzie, amene mwadzidzidzi anatanganidwa ndi kukonza duku lawo. Anayang'ana Edwina, amene anapeza chochita ndi botolo la madzi.

"Ndiye Alvin ndimunenepetse kapena ndisamunenepetse?"